Makwerero a Chiphaliwali

A Chikuto amadzuka kunja kusanayere bwino, mabasi oyamba asanayambe kudutsa mumsewu wawo. Amagwada pambali pa bedi n'kupemphera, koma pemphero lawo la m'mawa silitalika. Amati Mulungu amadziwa kale kuti guluu sadikira munthu. Akatero amatsika masitepe kupita m'chipinda chogwiriramo ntchito, n'kutsegula zenera loyang'ana kumsewu, n'kutereka ketulo.

Ntchito yawo ndi yosoka mabuku. Dzinali anawapatsa ndi anthu a mumsewumo, chifukwa aliyense akabwera ndi buku lothothoka, mawu awo oyamba amakhala akuti, "Chikuto chatha ichi." M'chipindamo muli tebulo lalitali, singano zitatu zobaya pa kansalu, ulusi ndi phula lopaka ulusiwo, mpeni wodulira makatoni, ndi chitsulo cholemera chopanikizira mabuku. Asanamwe tiyi amamasula chitsulocho n'kutulutsa mabuku amene agonamo. Lililonse amaligwira kumsana, masamba atayang'ana pansi, n'kuligwedeza katatu. Tsamba likapanda kugwa amaliuza bukulo kuti lachira, lizipita kwawo. Odwala awo ambiri ndi mabuku a nyimbo a kutchalitchi, madikishonale a sukulu, ndi Mabaibulo amene awerengedwa mpaka Masalimo kutuluka panja.

Sabata imayenda choncho mpaka Loweruka masana. Tsikulo amachotsa zonse patebulo, amapala guluu wouma, n'kuzunguliza mipando. Imakhala nthawi ya masewera a nkhani. Munthu mmodzi amatsogolera, kufotokoza dziko longopeka la nsanja, mapanga ndi zinjoka. Enawo aliyense amakhala ndi munthu wake wa m'nkhanimo, wamatsenga, ndipo amanena chimene munthu wakeyo akufuna kuchita. Kenako amaponya dayisi ya mbali makumi awiri. Ikagwa pa nambala yaikulu, zatheka. Ikagwa pa yaing'ono, anzake amaseka.

Masewerawa anawapeza mwangozi zaka pafupifupi makumi awiri zapitazo. Munthu wina wodutsa anasiya buku la malamulo ake kuti alisoke, koma sanabwerenso kudzalitenga. Akazi awo, amene ankawathandiza kupinda masamba, analiwerenga lonse pa nthawi yopuma, n'kunena kuti ayese. Vuto linali lakuti masamba a pakati, pamene panalembedwa matsenga, anali atang'ambika n'kutayika. A Chikuto anati ndiye basi, zakanika. Akazi awo anati amene analemba oyambawo analinso anthu, mitu yake yomweyi. Anatenga kope lobiriwira n'kuyamba kupeka matsenga awoawo.

Pamenepo mpamene panabadwira lamulo la tebulo lawo. Tsenga latsopano limalembedwa m'kopemo pamodzi ndi dzina la wamatsenga amene walipeka. Wofuna kuligwiritsa ntchito ayenera kutchula dzina lonse mokweza. Ukadula dzina, tsenga silikumvera, ngakhale dayisi igwe bwino chotani.

Woyamba kulowa nawo anali wometa tsitsi wa khomo loyandikana, amene onse amamutcha a Lumo. Anabwera kudzafunsa za phokoso, n'kutuluka ali ndi wamatsenga wake, Kathyali. Tsenga lawo lodziwika ndi Utsi wa Kathyali, utsi wothawira zinthu zikavuta, umene umasiya anzawo akutsokomola. Kenako anabwera akulu ampingo, atamva kuti m'nyumba yosokera mabuku a nyimbo mukuchitika matsenga Loweruka lililonse. Analowa atamanga nkhope n'kukhala pakona. Anangoona mapepala, mapensulo, dayisi ndi makapu a tiyi. Anali pafupi kutsanzika pamene anamva kuti anthuwo akufuna kumenyana ndi chimphona cholondera mlatho, ndipo mtima sunawalole. Anafunsa kuti bwanji osayamba alankhula nacho. Anawapatsa pensulo ndi mpando. Analangiza chimphonacho nthawi yaitali mpaka a Lumo anati chagona, ndipo dayisi inavomereza. Wamatsenga wawo anamutcha Mwalawolimba, choncho m'kope munalowa Tulo ta Mwalawolimba. A Lumo amati tsenga limeneli limagwiranso ntchito Lamlungu pa nthawi ya zolengeza, popanda dayisi.

Wamatsenga wa a Chikuto ndi Chidodo. Dzinali anasankha ndi akazi awo, ndipo iwo sanatsutse, chifukwa Mfundo ya Chidodo imamanga chitseko bwino kwambiri, koma imatha adani atalowa kale.

Akazi awowo anali munthu wamfupi, wa mawu aang'ono, woti kutchalitchi ankakhala benchi lakumbuyo. Koma wamatsenga wawo anali chimwamuna chachitali cha ndevu zofika m'mimba, dzina lake Chiphaliwali. Akamamulankhulitsa ankamenya tebulo, makapu n'kuvina. Loweruka lina Chiphaliwali anagwera m'chitsime chouma, ndipo mayiwo anapeka tsenga lobweretsa makwerero. Dayisi inagwa pa nambala yochititsa manyazi. Akulu ampingo, amene ankatsogolera tsikulo, anagamula kuti makwerero aoneka, koma aperewera mkono umodzi. A Lumo anaimirira, n'kutambasula dzanja lawo lenileni kudutsa patebulo, mayiwo n'kuligwira uku akuseka mpaka misozi. Kuyambira tsikulo Makwerero a Chiphaliwali ankaperewera mkono umodzi nthawi zonse, ndipo wokwerawo ankatuluka pokhapokha mnzake amukoke dzanja.

Mayiwo anatsogola zaka zinayi zapitazo. Anthu a mumsewumo ndi aulemu, ndipo ulemu wawo unawalanda a Chikuto chinthu chimodzi. Aliyense akafuna kutchula akazi awo amatsitsa mawu, amati malemu, amayang'ana pansi, nkhani n'kuthera pomwepo. Panatsala malo amodzi okha pamene mayiwo ankatchulidwa mokweza, anthu akuseka. Loweruka wina akagwera m'dzenje n'kufuula dzina la makwererowo, a Chikuto ankamva ngati mkazi wawo wangotuluka kukatenga shuga. Sanauzepo munthu zimenezi, koma sabata yonse ankayembekezera mawu amenewo.

Mwana wawo wamwamuna amayendetsa malole a maulendo ataliatali, ndipo amati masewera a manambala amamukumbutsa sukulu. Koma mkazi amene anakwatira zaka ziwiri zapitazo ndi mphunzitsi wa masamu. Mpongoziyu anakhala pampando Loweruka lake loyamba m'nyumbamo, ndipo pofika mwezi wachitatu ndiye ankatsogolera. Ankawerengera msanga, zinjoka zake zinali zanzeru, ndipo a Chikuto ankanyadira naye kwa aliyense wobwera ndi buku.

Chaka chino kunabwera mayi wina, anamwino a kuchipatala, kudzachita lendi kutsidya kwa msewu, ndipo mpongoziyo anawakokera patebulo. Anakonda masewerawo, koma kope lobiriwira linawazunguza mutu. Munali matsenga makumi asanu ndi limodzi, a zilembo za anthu osiyanasiyana, ena atafufutika ndi tiyi. Ambiri anali a anthu amene anasamuka kale mumsewumo. Anamwinowo anadandaula kuti iwo amakhala ali m'madzi akufuna chowolokera, koma m'kope akungopeza mayina a anthu amene sanawaonepo.

Mpongoziyo anaona kuti dandauloli ndi loona. Anatenga kopelo, n'kulilemba lonse pa kompyuta kwa masabata atatu. Anali atawerenga kuti ngakhale osindikiza mabuku a masewera otere amasiyana maganizo pa nkhani yomweyi, ena akuti mayina a amatsenga asungidwe, ena akuti amangolemetsa mlendo. Iye anasankha zothandiza mlendo. Lachiwiri m'mawa, asanapite kusukulu, anaika mapepala oyera patebulo la apongozi ake kuti awasoke.

A Chikuto anapukuta manja n'kuyamba kuwerenga. Utsi. Tulo. Mfundo. Anatembenuza tsamba. Makwerero.

"Mwaona bwanji, bambo?" anafunsa mpongoziyo, nkhope ikuwala.

"Zilembo zaoneka bwino kwambiri, mayi," anayankha.

Mayina onse a amatsenga anali atachotsedwa, koma sanadandaule. Mwanayu anali atavutika masabata atatu. Komanso zinawachititsa manyazi kuti munthu wa imvi adandaule chifukwa cha dzina la munthu wongopeka. Anasankha nsalu yofiira imene ankaisungira buku lapadera, anapaka ulusi phula, n'kusoka bukulo mosamala ngati la nyimbo. Lachinayi m'mawa analigwedeza katatu, tsamba silinagwe. Sanaliuze kuti lachira. Anangoliika pa shelefu.

Loweruka onse anakhala pansi: a Chikuto, a Lumo, akulu ampingo, anamwino, ndi mpongozi kumutu kwa tebulo. Bukulo linayenda m'manja, aliyense akuyamikira chikuto. Mpongoziyo anafotokoza kuti tsopano zapepuka, munthu azingotchula chinthu chimene akufuna. Nkhani inayamba, ndipo posakhalitsa agalu a mfumu ya m'phanga anawazungulira.

A Lumo anadzaza mpweya m'chifuwa monga mwa nthawi zonse, kenako anakumbuka. "Utsi," anatero. Anayang'ana uku ndi uku. "Basi? Ndangokhala ngati ndikuuza munthu kuti mphika wapserera."

"Zakuyenerani," anatero akulu ampingo. "Munthu wothawa nkhondo safunika kusiya dzina."

"Inu nenani lanu timve."

Akuluwo anatsokomola n'kunena kuti tulo. A Lumo anawafunsa ngati akupempha mtsamiro. Anamwino anaseka mpaka kugwetsa pensulo, koma anati kwa iwo lero zinthu zikuyenda, chifukwa chilichonse akuchipeza msanga. Zinali zoona, ndipo a Chikuto anaziona. Anasewera mwakachetechete, tiyi akuzizira m'kapu.

Pothawa agaluwo, wamatsenga wa anamwino anagwera m'dzenje lakuya. Anamwinowo anatsegula buku, chala chinathamanga pa tsamba, n'kupeza mosavuta. Anati makwerero, anaponya dayisi, ndipo inagwa bwino. Mpongoziyo analengeza kuti makwerero afika mpaka pamwamba, mayiwo atuluka okha bwinobwino. Anawonjezera monyadira kuti tsenga limeneli walikonza. Zaka ziwiri zonse ankamva a Lumo akudandaula kuti makwererowa ndi operewera, ndiye waonjezera mkono unkasowawo.

Koma a Lumo anali ataimirira kale. Dzanja lawo linali litatambasuka kudutsa patebulo, zala zili yadzi, popanda woligwira. Akulu ampingo nawonso anali atayamba kukwinya mkono wa malaya.

Anamwino anayang'ana dzanjalo n'kufunsa ngati a Lumo akufuna shuga. Wometayo analibweza pang'onopang'ono, n'kulipukuta pa buluku ngati lanyowa. Anati iye kudandaula kuja kunali kusewera, monga mmene munthu amanyozera nsapato zimene sangazitaye. Kenako anayang'ana a Chikuto.

A Chikuto anazunguliza kapu yawo kawiri. Atalankhula, mawu anatuluka otsika koma omveka.

"Chiphaliwali anali amayi anu, mayi. Apongozi anu."

Mpongoziyo anagwira pakamwa. Iye ankayesa kuti Chiphaliwali anali bambo wina wamkulu thupi amene anasamuka, chifukwa m'kope analembedwa kuti wa ndevu zofika m'mimba. Apongozi ake aakazi ankawadziwa pa chithunzi cha pabalaza chokha, mayi wamfupi atavala duku, manja ali pamiyendo. Anafunsa kuti bwanji sanamuuze.

"Tinkayesa kuti mukudziwa," anatero akulu ampingo. "Komanso ife tinazolowera kusawatchula."

A Chikuto anafotokoza kuti kunja konse akazi awo anasanduka malemu, munthu wotchulidwa monong'ona. Patebulo pano pokha mpamene ankafuulidwa dzina. Atayamba kulankhula sanathenso kuleka, ndipo anzawo anawathandiza. A Lumo anatsanzira mmene mayiwo ankamenyera tebulo, kapu ya akulu ampingo n'kudumpha. Akuluwo anakumbuka kuti tsiku lina iwo anafuna kutalikitsa makwererowo, poti Chiphaliwali anali atakula mphamvu, koma mayiwo anakana. Anati asiyidwe choncho, kuti wotuluka m'dzenje azipeza dzanja la mnzake pamwamba.

"Paja amati chala chimodzi sichiswa nsabwe," anayamba akuluwo, atakhala bwino ngati ofuna kupitiriza.

"Za nsabwe mundisiyire ine," anadula a Lumo. "Ndi ntchito yanga imeneyo."

Onse anaseka, ngakhale mpongoziyo, amene misozi inali itafika kale pachibwano. Anapepesa kwa apongozi ake, koma iwo anakana kulandira. Anati wolakwa ndi amene anaona tsamba Lachiwiri n'kungoyamikira zilembo. Iye anati ndiye bukulo litayidwe, abwerere ku kope lobiriwira. Anamwino anakweza chala ngati mwana wa sukulu n'kunena kuti asawaiwale, chifukwa akabwerera kumeneko iwo amiranso. Anati kuchipatala kwawo munthu amafufuza mbiri ya wodwala m'njira ziwiri, ndipo palibe amene amafufuta dzina kuti nambala ioneke.

Mpongoziyo anatenga pensulo, maso atauma kale, mutu wa masamu utayambanso ntchito. Anati mayina onse abwerera pa masamba ake, ndipo pansi pa lililonse palembedwe mizere iwiri yonena mwini wake ndi mmene tsengalo linabadwira. Kumapeto kwa buku kukhale mndandanda wa mawu wamba, utsi, tulo, makwerero, wosonyeza tsamba. Mlendo azipeza msanga, koma pakamwa pazituluka dzina lonse. Anafunsa apongozi ake ngati buku losoka kale lingamasulidwe.

"Ulusi ndi wanga," anatero a Chikuto. Anatenga mpeni pa shelefu n'kudula msoko wa Lachinayi pomwepo, akumwetulira ngati munthu wotsegula phukusi.

Mpongoziyo anagamula kuti nkhani ibwerere m'mbuyo pang'ono, anamwino akhalenso m'dzenje. Mayiwo anakonza pakhosi, koma mawu anatuluka aulemu kwambiri. A Lumo anati Chiphaliwali samva zonong'ona, ayambirenso. Anamwino anamenya tebulo.

"Makwerero a Chiphaliwali!"

Makapu anavina. Mpongoziyo analengeza kuti makwerero aoneka, koma aperewera mkono umodzi. A Lumo anayamba kudzuka, kenako anakhalanso pansi n'kugunda a Chikuto ndi chigongono. A Chikuto anaimirira, n'kutambasula dzanja lawo la zipsera za singano, anamwino n'kuligwira. Munthu wodutsa mumsewu anasuzumira pazenera kufunsa ngati kwabadwa mwana.

Ntchito ya mizere iwiri ija inatenga mwezi wathunthu, chifukwa palibe amene anakwanitsa kulemba iwiri yokha. Akulu ampingo anabwera ndi masamba atatu a Mwalawolimba, ndipo mpongoziyo anawadula mwaulemu. A Lumo anaimbira foni anthu amene anasamuka zaka khumi zapitazo kuwafunsa za amatsenga awo. Wina wa iwo, amene anali woyendetsa basi, anaseka pafoni mpaka kutsamwa atamva kuti tsenga lake, Belu la Mdzukulu, likulirabe Loweruka. Anamwino nawonso analowetsa tsenga lawo loyamba, bandeji yochiza bala koma yoyabwa sabata yonse. Za Chiphaliwali analemba a Chikuto okha ndi pensulo, m'mawa asanamasule chitsulo, ndipo mpongozi sanadulepo liwu limodzi.

Buku lachiwiri analisoka ndi nsalu yofiira yomwe ija. Litatuluka m'chitsulo analigwedeza katatu n'kuliuza kuti lachira. Mpongoziyo analitsegula tsamba ndi tsamba asanapite kusukulu, ndipo pakati pa Chidodo ndi Chiphaliwali anapeza tsamba lopanda chilembo. Anafunsa ngati makina osindikizira analumpha. A Chikuto anati ayi, aliikamo dala, n'kumuuza kuti athamange basi ingamusiye.

Atatsala okha anakhala pampando wawo wogwirira ntchito. Loweruka lina kalekale, anzawo atapita, iwo ndi akazi awo ankabwezera singano ndi ulusi patebulo. A Chikuto ananena kuti m'kope monse tsenga lililonse lili ndi dzina limodzi lokha, ndipo zinkawaoneka ngati zoperewera. Mayiwo anaseka, akuponya dayisi m'mwamba n'kuiwakha, n'kunena kuti Chiphaliwali sangadikire Chidodo. Kenako kunagogoda munthu wobwera ndi buku la nyimbo lothothoka, nkhaniyo n'kudukira pomwepo. Sanaikumbutsenso, poganiza kuti Loweruka silitha. Pempho limene sanathe kulinena tsikulo, limene anasiyira tsamba lija, linali lalifupi.

"Mkazi wanga, bwanji tipeke limodzi la tonse awiri, lokhala ndi mayina athu pamodzi?"